Ulendo wa bowa m'mimba mwa munthu

Mvula ikakhazikika, amayi ndi ana amalawirira kunkhalango ndi pachulu kukazula bowa monga utale, ndelema ndi manyame. Ambiri amaona bowa ngati ndiwo yongodutsira nyengo yanjala, chonsecho ali ndi ntchito yake yapadera m'thupi.

Munthu akamadya nsima, malovu ndi timadzi tina ta m'matumbo aang'ono timaphwanya sitalichi wa muufa kukhala shuga, yemwe amalowa m'magazi n'kupereka mphamvu. Bowa ndi wosiyana. Thupi lake linamangidwa ndi timaulusi tolimba ta mitundu iwiri: beta-glucan ndi chitin. Chitin ndi yemwenso amalimbitsa chikamba cha nkhanu ndi khungu la ziwala. Timadzi togaya chakudya timalephera kudula timaulusi tambiri totere, motero timadutsa m'chifu ndi m'matumbo aang'ono osagayika mpaka kukafika m'matumbo aakulu.

Kumeneko kumakhala mabakiteriya miyandamiyanda. Si onse amene amadwalitsa. Ambiri ndi othandiza, ndipo chakudya chawo ndi chomwe chalephera kugayika kumtunda. Iwo amasasitsa timaulusi ta bowa monga momwe chimera chimasasira mumbiya, n'kutulutsa timaasidi totchedwa acetate, propionate ndi butyrate. Butyrate ndiye chakudya chachikulu cha khoma la m'kati mwa matumbo aakulu, ndipo amathandiza kuti khomalo likhale lolimba. Timaasiditi timachititsanso kuti tizilombo tina toyambitsa matenda tivutike kuswana. Timaulusi totsala timathandiza kuti munthu asadzimbidwe. Kusasa kumeneku kumatulutsanso mpweya, n'chifukwa chake wodya bowa wambiri nthawi imodzi mimba imamutupa.

Kuti banja lipindule, bowa aziphikidwa mpaka kupsa, popeza moto umafewetsa timaulusi tija. Wotsala afutsidwe ndi kuumitsidwa bwino padzuwa kuti adzadyedwe m'chilimwe. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, bowa ali m'gulu la masamba, choncho salowa m'malo mwa nyemba, nsomba kapena zipatso. Komanso si mankhwala; wodwala asasiye mankhwala akuchipatala podalira bowa.

Chenjezo lalikulu ndi lakuti bowa wina ndi wakupha, ndipo kuphika kapena kuyanika sikuchotsa poizoni wake. Zizindikiro zimatha kuchedwa maola 6 kapena kuposerapo pamene chiwindi chayamba kale kuwonongeka. Bowa wosadziwika asiyidwe kutchire komweko, ndipo amene wayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba atadya bowa athamangire naye kuchipatala msanga.

Ndelema ndi manyame amamera mothandizana ndi mizu ya mitengo yachilengedwe monga mombo ndi tsamba. Mitengoyi ikatha chifukwa cha makala, bowayu amasowanso. Mudzi wosamala nkhalango yake umasunga ndiwo za ana ake.