Phunziro 9: Kuphunzitsa Mau a Sayansi m'Cinyanja: Citsanzo ca Maginetomita

Zolinga

Pakutha pa phunziro iri, mphunzitsi akhoze: (a) kufotokoza nchito ya maginetomita m'Cinyanja comveka, (b) kuchula njira zopezera dzina la cinthu cacilendo, (c) kusankha agwirizanitsi oyenera a dzinalo.

Mau Oyamba

Ana ambiri a m'boma la Chongwe amalankhula Cisoli kwao, Cinyanja ndi anzao, ndipo mabuku a sayansi amawapeza m'Cingerezi. Mphunzitsi akathawira ku Cingerezi pa liu liri lonse lobvuta, mwana amaloweza dzina osadziwa cinthuco, nayamba kuganiza kuti cinenero cake sicikhoza kusenza nzeru. Maganizo amenewa tiyenera kuwathetsa.

Nkhani Yowerenga

Dziko lapansi liri ngati maginito akulu. Mphamvu yake imacokera ku citsulo cosungunuka cimene cimayenda m'kati mwa dziko, ndipo ndiyo imalozetsa singano ya kampasi kumpoto. Ngakhale manambala 10 ndi 28 a pa msewu wa ndege ku Kenneth Kaunda International Airport, m'boma lomwe lino, amasonyeza mbali za kampasi: madigiri pafupifupi 100 ndi 280.

Mphamvuyi simakhala cimodzimodzi. Imasintha pang'ono tsiku ndi tsiku, koma dzuwa likalabvula tinthu tanyesi tambiri imagwedezeka koopsa. Kampasi imangoloza, maginetomita amapima kukula kwa mphamvuyo, ndipo makina ake amalemba kusintha konse usana ndi usiku. Carl Friedrich Gauss wa ku Germany anapeza njira yopimira kukula kwake mu 1832. Mu 1859 makina a ku Kew, ku London, analemba kugwedezeka kwakukulu kumene kunasokoneza mauthenga a pa lamya. Pa 13 March 1989 kugwedezeka kwina kunazimitsa magetsi ku Quebec, m'dziko la Canada, kwa maola 9. Kuno kwathu, mu 2008, akatswiri a Kyushu University ya ku Japan anaika maginetomita pa University of Zambia ku Lusaka. Ofunafuna miyala ya mtengo wapatali amawanyamula pa ndege, pakuti miyala ya citsulo yobisika pansi imasintha mphamvuyo pamalo pamene iri.

Njira Zopezera Dzina

1. Kubwereka. Liu lacilendo timaliumba kuti liri lonse la maphatikizo ake lithere ndi lembo la liu: ma-gi-ne-to-mi-ta. Onani kuti phatikizo loyamba ndi ma-. Khutu la Mnyanja limamva ngati mphatikiram'mbuyo wa gulu la maina monga madzi ndi mafuta. Motero timati maginetomita awa, maginetomita amodzi, monga momwe tinacitira ndi makina, liu locokera ku Cipwitikizi.

2. Kupanga dzina kucokera ku mneni. Monga kulemba kumabala colembera, kupima kumabala copimira. Tsono tinganene kuti copimira mphamvu ya maginito. Pano agwirizanitsi asintha: copimira ici, zopimira izi.

Dzina lobwereka ndi lalifupi, koma silifotokoza kanthu. Lopanga ndi lalitali, koma limanena nchito. Yambani ndi lopanga, ndipo ana akamvetsa, apatseni lobwereka. Musasakanize agwirizanitsi a maina awiriwa m'ciganizo cimodzi.

Kaphunzitsidwe

1. Khuzani singano kangapo, mbali imodzi yokha, pa maginito a m'sipika ya wailesi yakutha.
2. Iikeni pa tsamba loyandama m'mbale ya dothi kapena ya pulasitiki, osati ya citsulo.
3. Ana aone kumene yaloza, kenaka mmodzi asendeze msomali pafupi.
4. Funsani kuti, "Kodi catembenuza singano n'ciani?" Alekeni ayankhe m'mau ao, ngakhale m'Cisoli, inu mulembe pa bolodi.
5. Pambuyo pake werengani nkhani, ndi kupereka maina.

Nchito

(a) Fotokozani kusiyana kwa kampasi ndi maginetomita m'ziganizo ziwiri.
(b) Pangani maina a zipangizo zopimira mvula, kutentha ndi mphepo.
(c) Konzani ciganizo ici: Maginetomita ici cinaikidwa ku Lusaka.
(d) Lembani cikonzero ca phunziro la mphindi 40 la Giredi 6 pa mutu umenewu.