Kumanga Nyumba Yaing'ono ku Phiri

Anthu okhala m'mapiri a Dedza, Ntcheu ndi Mulanje amakudziwa kuzizira kwa mwezi wa Juni ndi Julayi. Poopa chisanu, ena amamanga nyumba yopanda mazenera, nagona atalowetsamo mbaula. Izi ndi zoopsa. Makala akamayaka m'chipinda chotsekeka amatulutsa mpweya wapoizoni umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amamva litsipa, chizungulire ndi kufooka, ndipo angathe kufera m'tulo.

Choncho pomanga tsatirani izi:

1. Sankhani malo osatsetsereka kwambiri. Kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba kuti madzi a mvula asagumule maziko.
2. Ikani mazenera mbali ziwiri, ndi timipata ta mpweya pamwamba pa khoma.
3. Khitchini ikhale payokha. Usiku fundani mabulangete. Mbaula itsale panja.
4. Unikirani ndi nyali ya sola m'malo mwa koloboyi wofuka utsi.
5. Chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa kasupe, pa mtunda wosachepera mamita 30.

Mukapeza munthu atakomoka pafupi ndi mbaula, mtulutseni panja msanga, ndipo thamangirani naye ku chipatala.