Galu Anauwa, Mwini Nyumba Sanadzuke

Loweruka pa 30 Novembala 2013, pa makompyuta a gulu lina la akatswiri a zachitetezo mumzinda wa Bangalore ku India panatuluka chenjezo. Anthu amenewa ntchito yawo inali yolondera usana ndi usiku netiweki ya Target, kampani ya masitolo akuluakulu a ku America yomwe likulu lake lili ku Minneapolis. Chenjezolo linkanena kuti m'kati mwa netiweki mwalowa pulogalamu yachilendo. Alonda a ku Bangalore anachita zomwe anawalembera ntchito, anadziwitsa anzawo a kulikulu, ndipo uthengawo unafika. Pa 2 Disembala chenjezo linabweranso. Palibe amene ananyamuka kukazimitsa motowo.

Nkhaniyi ndikukambira inu amene muli ndi bizinesi, ndipo mwina pa desiki panu pali makoteshoni awiri kapena atatu ochokera kwa ogulitsa zida zotetezera makompyuta. Aliyense wakuonetsani chithunzi chokongola cha mapu a dziko lapansi ndi timagetsi tofiira tikuphethira. Aliyense akuti chake ndiye chimaona mbava msanga. Musanasaine, mvani zomwe zinagwera anthu omwe anagula chida chabwino ndithu.

Target sinali kampani yaumbuli kapena youmira pa ndalama. Miyezi 6 ngoziyi isanachitike, inali itayamba kuika chida cha kampani ya FireEye, cha mtengo wa madola pafupifupi 1.6 miliyoni. Chidacho chimagwira pulogalamu iliyonse yokayikitsa n'kuiyesa pamalo otsekeka kuti khalidwe lake lionekere isanawononge kanthu. M'Seputembala chaka chomwecho, ofufuza anali atatsimikiza kuti Target ikutsata malamulo a kasungidwe ka makhadi a kubanki. Pa pepala, mpanda unali wathunthu.

Mbavazo sizinathyole chipata cha kumaso. Zinadzera kwa Fazio Mechanical Services, kampani yaing'ono ya ku Pennsylvania yokonza mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba, yomwe inali ndi chilolezo cholowa pa intaneti m'mbali ina ya netiweki ya Target pa nkhani za mainvoisi ndi makontirakiti. Zitaba dzina ndi pasiwedi ya kampaniyo, zinalowa chapakati pa Novembala n'kuyamba kuyendayenda m'kati mpaka kufika pa makina olipirira a m'masitolo. Pamenepo zinaika pulogalamu yomwe inkagwira nambala ya khadi m'kanthawi kochepetsetsa kamene nambalayo imakhala poyera m'makina isanabisidwe. Nthawi yake zinasankha mochenjera: sabata ya chikondwerero cha Thanksgiving ndi Black Friday, pamene anthu a ku America amagula katundu ngati mawa kulibe, masitolo ali thithithi, ndipo wantchito aliyense maso ali pa malonda.

Pano ndi pamene nkhaniyi imandipweteka. Tsiku lomwe FireEye inalira koyamba, manambala obedwawo anali asanatuluke m'nyumba. Mbava zinali zikuwaunjika pa seva ina ya Target yomweyo, ndipo chomwe chidacho chinaona chinali pulogalamu yoti iwasamutsire kunja. Akuba anali atamanga mitolo, koma mitoloyo inali idakali pabwalo. Kuyambira pa 2 Disembala katunduyo anayamba kutuluka, choyamba kupita ku maseva a mu America momwemo, kenako ku Russia. Zinkatumiza masana, nthawi ya ntchito, kuti zisasiyane ndi piringupiringu wa tsiku ndi tsiku. Pulogalamu ina yolimbana ndi mavayirasi, ya Symantec, nayo inali itaonako zokayikitsa m'masiku omwewo.

Amene anadzutsa Target anali anthu akunja. Pa 12 Disembala akuluakulu a unduna wa zachilungamo wa boma la America anauza kampaniyo kuti makhadi a makasitomala ake akubedwa. Pa 15 Disembala pulogalamu ya mbava ija inachotsedwa pa makina ambiri. Pa 18 Disembala mtolankhani Brian Krebs anaulula nkhaniyo, ndipo m'mawa mwake Target inavomera poyera. Makhadi okwana 40 miliyoni anali atapita. Mu Januwale 2014 zinadziwikanso kuti mayina, maadiresi, manambala a foni kapena maimelo a anthu ofika 70 miliyoni anatengedwa. Phindu la kampaniyo m'miyezi itatu yomaliza ya chaka chake cha zachuma linatsika ndi 46 peresenti. Beth Jacob, mkulu woona za makompyuta, anatula pansi udindo m'Malichi, ndipo m'Meyi anatsatira mkulu wa kampani yonse Gregg Steinhafel, yemwe anali atagwirako ntchito zaka 35. Mu 2017 Target inagwirizana zolipira madola 18.5 miliyoni ku zigawo 47 za America ndi District of Columbia, kuwonjezera pa mamiliyoni oposa 200 omwe ngoziyi inaidyera m'njira zina.

N'chifukwa chiyani anthu ophunzira bwino, olipidwa bwino, anamva galu akuuwa n'kungotembenuka pa mkeka? Kampaniyo inafotokoza pambuyo pake kuti anthu ake anaziona zina mwa zizindikirozo, anaziunika, n'kuganiza kuti sizinali zofunika kuzithamangira. Ine sindiwatenga ngati aulesi. Aliyense amene anakhalapo m'chipinda cholondera netiweki yaikulu amadziwa kuti machenjezo amagwa ngati matalala, ndipo ambiri amakhala opanda kanthu. Chenjezo la tsikulo linabwera ndi dzina losanena zambiri, lakuti malware.binary. Galu amene amauwa mwezi, mphaka ndi tsamba logwa, eni nyumba amazolowera mawu ake, ndipo usiku umene wauwa munthu weniweni kauwidwe kake kamamveka chimodzimodzi. Ogulitsa sakonda kukamba za vuto limeneli, chifukwa pa chionetsero chida chomwe chapeza zambiri ndi chomwe chimaoneka champhamvu.

Palinso china. Chida cha FireEye chinali ndi mphamvu yofufuta chokha pulogalamu yoipa chikangoipeza, koma ku Target mphamvuyo inali yozimitsa. Musafulumire kuwaweruza. Kulola makina kuti azidula okha zinthu m'netiweki ya masitolo pafupifupi 1,800 pa sabata ya malonda aakulu n'koopsa, chifukwa akalakwitsa, malonda onse aima. Mantha amenewo ndi oona, ndipo dziko linaona umboni wake pa 19 Julayi 2024, pamene kampani ya zachitetezo ya CrowdStrike inatumiza kwa makasitomala ake kafayilo kolakwika n'kugwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni. Ndege zinalephera kunyamuka, zipatala ndi mabanki zinasokonekera, popanda mbava ndi imodzi yomwe. Chida chachitetezo chimakhala pa mtima penipeni pa kompyuta, choncho chikapunthwa chimagwa nayo. Komabe, amene wasankha kumanga galu pa tcheni wavomera kuti iyeyo ndiye azituluka panja ndi chibonga. Target inamanga galu, koma wotuluka panjayo sanapezeke.

Tsono tibwerere ku makoteshoni anu aja. Mayina omwe mukumva ndi awa. EDR ndi pulogalamu yoikidwa pa kompyuta iliyonse, yomwe imaona zomwe zikuchitika ndipo imatha kuidula kompyutayo pa netiweki ikadwala. SIEM ndi nkhokwe yosonkhanitsa zolemba za makina onse n'kufufuzamo zogwirizana. SOAR imalumikiza zida zosiyanasiyana kuti zina zizichitika zokha chenjezo likangolira. MDR si chida kwenikweni, ndi ganyu: mumalipira kampani ina kuti anthu ake azikulondererani ndi kuchitapo kanthu. Zonsezi zili ndi ntchito yake. Koma ndinene mosapsatira kuti bizinesi yomwe ili ndi mnyamata mmodzi wa IT, amene ndi yemweyo wokonza printa, wogula ma data ndi wothandiza abwana pasiwedi ikaiwalika, isathamangire SIEM. Chidacho chimafuna munthu wochiweta tsiku lililonse, wochiphunzitsa kusiyanitsa phokoso ndi ngozi. Popanda munthu wotero, mwagula nkhokwe yosungiramo umboni woti mudzawerenge zitatha kale. Bizinesi yotere ikhoza kupindula kwambiri ndi chida chosavuta chophatikiza ndi alonda aganyu.

Ngakhale alonda aganyuwo, kumbukirani kuti a ku Bangalore analondera bwino. Chomwe chinaduka ndi chingwe cha pakati pa woona ndi wolamula. Ndiye wogulitsa akamakuonetsani timagetsi take, mubwezereni ku mafunso a usiku. Chenjezo likalira 2 koloko m'bandakucha wa Lamlungu, adzaimbira foni ndani, dzina lake? Akapanda kuyankha, wachiwiri ndani? Kodi adzaimbadi, kapena adzangotumiza imelo yomwe idzawerengedwe Lolemba? Mlondayo ali ndi chilolezo chodula yekha kompyuta yodwala, kapena adikire kuti abwana abwere kuchokera ku maliro kumudzi komwe netiweki ya foni imavuta? Mayankho ake alembedwe mu kontirakiti, ndi mphindi zake zomwe. Kunena kuti "tidzakudziwitsani mwamsanga" si lonjezo.

Mufunsenso kuti chidacho mudzadziwa bwanji kuti chasiya kuona. Ku Equifax, kampani ya ku America yosunga mbiri ya ngongole za anthu, kunali chida choyang'ana zomwe zikutuluka m'netiweki. Satifiketi yomwe chinkadalira kuti chione m'kati mwa mauthenga obisidwa inali itatha ntchito kwa miyezi yambiri, osadziwika. Mu 2017 mbava zinakhala m'katimo masiku 76 n'kutenga zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni. Pa 29 Julayi satifiketiyo itangokonzedwa, chidacho chinayamba kuonetsa zokayikitsa nthawi yomweyo. Miyezi yonseyo chinali chete, ndipo anthu ankayesa kuti cheteyo ndi mtendere.

Wina anganene kuti izi ndi za ku America, ife mbava zotere zingatifune chiyani. Chaona mnzako chapita. Mu Febuluwale 2024, Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko la Malawi pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowedwa ndi achiwembu omwe ankafuna dipo, ndipo anthu ambiri anakhala masabata osalandira mapasipoti. Masiku ano sitolo ya mankhwala, sukulu yolipira, SACCO ndi kampani ya mathiraki zonse zimasunga mayina ndi manambala a anthu, zimalandira ndalama pa khadi, pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Ndipo musaiwale malo a Fazio m'nkhaniyi. Mwina inu si Target ayi, ndinu kampani yaing'ono ija yomwe ili ndi kiyi wa pakhomo la banki kapena la bungwe lalikulu lomwe mumaligwirira ntchito. Mbava zikadzera mwa inu, dzina lanu ndi lomwe lidzatchulidwe, ndipo kontirakiti yomwe imadyetsa antchito anu idzapita.

Ndikanakhala pa mpando wanu, ndikanapempha ogulitsa onse kuti andipatse chida chawo mwezi umodzi ndisanalipire. M'mweziwo sindikanawerenga kuchuluka kwa zomwe chapeza. Ndikanakhala pansi ndi munthu wanga wa IT n'kumufunsa kuti mwa machenjezo a sabata ino ndi angati omwe anawamvetsa, ndi angati omwe anakwanitsa kuwatsatira, ndi angati omwe anangowatseka chifukwa cha kutopa. Kenako usiku wina, osauza aliyense kupatula mwini kampani mnzanga, ndikanapempha katswiri kuti aike fayilo yoyesera yosavulaza pa kompyuta imodzi ya ku akaunti. Ndikanayang'ana wotchi. Foni yanga ikalira pakatha mphindi 15, ndadziwa chomwe ndikugula. Ikafika mbandakucha ili chete, ndadziwanso, ndipo ndadziwa pa mtengo wotsika.

Gawo lina la ndalama zomwe mwakonza lisapite ku chida konse. Lipite ku tsamba limodzi lolembedwa bwino, losindikizidwa pa pepala chifukwa tsiku la ngozi makompyuta mwina sadzatseguka, lonena amene ali ndi mphamvu yoimitsa malonda kwa ola limodzi popanda kupempha kwa wina. Munthu ameneyo auzidwe pamaso pa anzake kuti akadzaimitsa malonda n'kupezeka kuti kunalibe mbava, sadzadzudzulidwa. Wantchito amene akuopa kukalipiridwa amasankha kudikira kuti aone kaye, ndipo ku Target, pakati pa 30 Novembala ndi 12 Disembala, panadutsa masiku 12 a kudikira kotereku.

Pa nthawi ya ngoziyo, Target inalibe mkulu mmodzi woyang'anira chitetezo cha makompyuta ndi zinsinsi za kampani yonse. Udindowo unali wogawikana pakati pa akuluakulu angapo. Woyamba kukhala pa mpando umenewo, Brad Maiorino, anamulemba ntchito mu Juni 2014 kuchokera ku General Motors, patatha miyezi 6 makhadi 40 miliyoni atapita kale.