Pulasitiki M'kamwa Mwathu: Dokotala wa Mano Ayankha Makalata Anu

Sabata ino makalata ambiri abwera ndi nkhawa imodzi: mwamva kuti mswachi ndi mankhwala otsukira mano zikutidyetsa tizidutswa ta pulasitiki. Ena mwafika poganiza zosiya kutsuka mano. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula.

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi ena a ku Chilomoni mu mzinda wa Blantyre. Akuti: "Adokotala, m'mankhwala omwe ndimagula muli timadontho tabuluu. Kodi ameneyu ndiye pulasitiki akunenedwayu?"

Zikomo amayi. Nkhaniyi inaphulikira ku America mu 2014. Ogwira ntchito m'zipatala za mano anayamba kuona timadontho tabuluu titakanirira pakati pa dzino ndi nkhama za anthu obwera kudzatsukitsa mano. Tinali timikanda ta pulasitiki wotchedwa polyethylene, yemweyo amapangira majumbo, ndipo tinkachokera m'mitundu ina ya mankhwala a Crest. Timikandato tinalibe ntchito yoteteza dzino, tinaikidwamo pongokongoletsa. Anthu atadandaula, kampani ya Procter & Gamble inalonjeza kutichotsa pofika Malichi 2016. Mu Disembala 2015, Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo loletsa timikanda totere mu zosambira ndi zotsukira mano. Britain inaletsa mu 2018, ndipo mayiko a European Union anakhwimitsa lamulo lawo mu 2023.

Ndiye amayi, musangodalira maso. Tembenuzani chubu kapena katoni, muwerenge pomwe alemba zomwe zilimo. Mukaona mawu akuti polyethylene kapena polypropylene, bwezerani pashelefu. Mukaona hydrated silica kapena calcium carbonate, mtima pansi. Zimenezo si pulasitiki, ndi ufa wosalala wothandiza kuchotsa litsiro pa dzino. Mankhwala opanda mndandanda wa zomwe zilimo komanso opanda tsiku lothera ntchito, musagule ngakhale atchipe bwanji.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo ena a ku Kasungu. Akuti: "Mswachi wanga watha chaka, tsitsi lake linapindika koma ukutsukabe. Kodi ndikumeza pulasitiki?"

Bambo, mswachi umenewo wagwira ntchito yake, upumitseni. Tsitsi la mswachi ndi nayiloni, ndipo nayiloni ndi pulasitiki. Miswachi yotere inayamba kugulitsidwa mu 1938, kampani ya DuPont itatulukira nayiloni. Kale ankagwiritsa ntchito ubweya wa nkhumba. Taganizani tsache lomwe lasesa pabwalo miyezi yambiri: limafupika, nsonga zake zimanyenyeka n'kutsalira pansi. Mswachi umateronso. Ukamakhula dzino, nsonga zake zimaperepeseka, ndipo ukakalamba tizidutswa toperepesekato timachuluka. Choipa china n'chakuti tsitsi lopindika silifika m'mphepete mwa nkhama, momwe litsiro limabisala.

Sinthani mswachi pakatha miyezi itatu kapena inayi, kapena msanga ngati tsitsi layamba kutambasuka. Sankhani wofewa, wolembedwa soft, ndipo musakanikize ngati mukulimbana nalo dzinolo. Musauviike m'madzi owira, chifukwa kutentha kumafooketsa nayiloni. Mukatsuka, lavulani thovu lonse. Makolo, yang'anirani ana, chifukwa ambiri amatafuna mswachi mpaka tsitsi kuthothoka. Apatseni mankhwala ochepa, osaposa njere ya nandolo, ndipo muwaphunzitse kulavula.

Yachitatu yachokera kwa mtsikana wophunzira unamwino ku Zomba. Akufunsa: "Kodi pulasitikiyu amalowadi m'magazi? Nanga amayambitsa matenda?"

Funso lolemera, achemwali. Tizidutswa tomwe akatswiri amatitchula microplastics ndi tochepera mamilimita 5, ndipo tambiri sitioneka ndi maso. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linanena kuti tizidutswa toposa mamaikulomita 150 nthawi zambiri timangodutsa m'matumbo n'kutuluka ndi chimbudzi. Nkhawa ili pa tating'onoting'ono kwambiri. Mu 2022 akatswiri a ku Amsterdam anayeza magazi a anthu 22, ndipo mwa anthu 17 anapezamo pulasitiki. Mu 2024 madokotala a ku Italy anafalitsa kafukufuku mu New England Journal of Medicine. Anatsatira anthu 257 omwe anachitidwa opaleshoni yochotsa mafuta otseka mtsempha wa m'khosi. Mwa anthu oposa theka, m'mafutamo munali polyethylene, ndipo m'zaka pafupifupi zitatu zotsatira, anthu amenewa anali pa chiopsezo choposa kanayi cha sitiroko, matenda a mtima kapena imfa.

Zimenezi si zopeputsa, koma tizimve bwino. Kafukufukuyu anaonetsa kuti pulasitiki ndi matendawa zinapezeka mwa anthu omwewo. Sanatsimikize kuti pulasitikiyo ndiye anadwalitsa, ndipo sananene kuti anachokera ku mswachi. Pulasitiki amatilowa kudzera m'madzi a m'mabotolo, fumbi la m'nyumba, zovala za nayiloni, matayala operepeseka pamsewu ndi chakudya. Mswachi umakhala m'kamwa mphindi zinayi patsiku. Nanga tchipisi chamoto chomwe amatithirira m'jumbo, jumboyo n'kufota ndi mafuta otentha? Nanga nsima yokulunga m'pulasitiki kuti isazizire? Dziko lathu linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikulomita 60, mu 2015, koma akupezekabe m'misika. Ngati tikufuna kuchepetsa pulasitiki m'thupi, tiyambire pamenepo.

Kalata yachinayi alemba ndi agogo a ku Mangochi. Akuti: "Ife tinakula ndi kamtengo, phulusa ndi makala. Bwanji osangobwerera komweko?"

Agogo, pa kamtengo sindikutsutsani. Kamtengo kotafunidwa bwino mpaka kufewa kamachotsa litsiro, ndipo miswak yomwe abale athu Achisilamu amagwiritsa ntchito, yochokera ku mtengo wa Salvadora persica, inafufuzidwa n'kupezeka yothandiza. Koma phulusa, makala ndi mchenga, chonde ayi. Zimapala chikuto cholimba cha dzino, ndipo chikuto chimenecho chikatha sichimeranso. Dzino limayamba kunyerenyesa mukamwa madzi ozizira. Komanso zidzukulu zanu zikudya shuga, masiwiti ndi zakumwa zotsekemera zomwe inu simunakule nazo. Mano awo akufunika fluoride, mchere wolimbitsa dzino, womwe mu 2021 World Health Organization inauika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kudzera m'mankhwala otsukira mano. Bungwe lomwelo mu 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko lonse ali ndi matenda a m'kamwa. Mwana wotupa tsaya, wosagona usiku, wolephera kutafuna chimanga, timamuona tsiku ndi tsiku m'zipatala. Vuto limeneli ndi lodziwika, ndipo limapeweka. Kamtengo gwiritsani ntchito, koma mupakepo mankhwala a fluoride.

Yotsiriza yachokera kwa achimwene omwe akutimvera pa intaneti ku Johannesburg. Akufunsa ngati mswachi wansungwi ndi ulusi wochotsera zotsalira pakati pa mano zilibe pulasitiki.

Achimwene, mswachi wansungwi umachepetsa zinyalala, koma nsungwi ndi chogwirira chokha; tsitsi lake nthawi zambiri ndi nayiloni yemweyo. Ulusi wambiri ndi wa nayiloni kapena PTFE, pulasitiki woterera yemwe amakutira mapani osamata. Ulipo wa siliki ngati mungaupeze. Mukausowa, gwiritsani ntchito womwe ulipo, chifukwa kusiya nyama ikuwolera pakati pa mano ndiye kuitana matenda a nkhama. Singano, phini ndi chitsotso cha machesi musayandikize ku nkhama.

Nthawi yatithera, omvera. Usiku uno musagone osatsuka mano. Mawa yang'anani mswachi wa aliyense m'nyumbamo. Wopindika tsitsi usinthidwe, ndipo wakalewo musauotche kapena kuutaya mumtsinje. Sabata yamawa tidzayankha makalata okhudza kutuluka magazi m'nkhama, makamaka kwa amayi oyembekezera. Pitirizani kutilembera. Tsalani bwino.