Kulima gondolosi pakhomo

Ambiri a ife timamudziwa gondolosi ali kale m'manja mwa wogulitsa. Timaona timizu tomangidwa m'timitolo pa msika wa pa Rumphi boma kapena pa depoti ya mabasi ku Mzuzu, ndipo ena amamugula ali ufa wa m'botolo. Koma ndi ochepa amene angaloze tsamba lake kutchire. Phunziro lino likufotokoza mmene chomerachi chimakulira. Munthu akamvetsa zimenezi angathe kuchilima kuseri kwa nyumba yake, osapitanso kukakumba kunkhalango.

Kumuzindikira

Gondolosi ndi chomera choyanga. Sangaime payekha ngati mtengo. Nsonga yake yanthete imazungulira m'mwamba kufunafuna chogwira, ndipo ikakhudza nthambi imadzikulunga n'kumakwera kulondola dzuwa. Masamba ake ndi aakulu, otambalala kumunsi, osongoka kunsonga, ndipo amamera awiriawiri moyang'anana. Yang'anitsitsani pamfundo pamene masamba awiriwo atulukira. Mupezapo kamkombero ka timano tating'ono kozungulira tsinde. Mukathyola tsamba pamatuluka utomoni woyera wonanda. Mukapala muzu ndi chikhadabo mumamva fungo lokoma, ndipo mukautafuna umayamba kuwawa, kenako n'kutsekemera.

Zizindikiro zimenezi muziloweze, chifukwa gondolosi ali ndi abale oopsa. Mmodzi wa iwo ndi kombe, amene makolo athu ankapaka ku mivi posaka nyama. Kombe nayenso amayanga, ndipo amabala makoko awiriawiri okhala ndi njere zaubweya. Koma makoko a kombe ndi aatali kwambiri, masamba ake ndi aubweya okhakhala, ndipo pamfundo pake palibe kamkombero kaja. Njere za kombe zimapha. Musalawe chomera chilichonse chautomoni chimene simukuchidziwa bwino, ndipo potola mbewu koyamba pitani ndi munthu wamkulu amene amamudziwa gondolosi.

Akatswiri a zomera amamutcha Mondia whitei. Amapezeka m'maiko ambiri a mu Africa. Ku South Africa anakumbidwa kwambiri moti tsopano ali m'gulu la zomera zimene zatsala pang'ono kutha. Ku Kakamega, m'dziko la Kenya, anthu ataona kuti akuchepa m'nkhalango anayamba kumulima m'minda. Ifenso tingathe kutero.

Chimene chimachitika pansi pa nthaka

Masamba ndiwo amapanga chakudya cha chomera, pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, mpweya ndi madzi. Chakudya china chimakulitsa tsinde. Chotsalacho chimatsikira kumizu n'kusungidwa kumeneko. Muzu wa gondolosi ndi nkhokwe yake. Dzinja lonse chomera chimatutira chakudya m'menemo, ndipo chilimwe chikafika, madzi n'kusowa, chimadya zimene chinasunga mpaka mvula itabwerera. M'malo ouma masamba amatha kuyoyoka onse, tsinde n'kuoneka ngati lafa, koma pansi pali moyo.

Apa m'pamene pali vuto lathu. Chimene anthu amafuna kwa gondolosi ndi nkhokwe yomweyo. Wothyola mango amasiya mtengo uli chilili, koma wokumba gondolosi yense amachotsa chakudya ndi moyo womwe. Akakumba chomera chisanabale njere, pamalopo sipameranso china. N'chifukwa chake okumba amanka napita kutali chaka ndi chaka, ndipo ena amafika polowa m'malo otetezedwa. Dziwani kuti kukumba zomera m'nkhalango ya Nyika kapena ya Vwaza popanda chilolezo ndi mlandu. Ndi zomvetsa chisoni kuti bambo akamangidwe chifukwa cha muzu umene ukanamera pafupi ndi bafa la kunyumba kwake.

Njere zouluka

Gondolosi amachita maluwa nyengo ya mvula. Maluwawo sanunkhira bwino, ndipo fungo lakelo limaitana ntchentche, zimene zimanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa lina. Choncho mukaona ntchentche pamaluwa musazithire mankhwala. Zikugwira ntchito.

Maluwa akayoyoka pamabwera makoko awiriawiri, olumikizana kumutu. Akakhwima amauma n'kung'ambika, ndipo m'kati mumatuluka njere zafulati, iliyonse ndi ubweya woyera wofewa kunsonga. Mphepo ikangoomba, njere zonse zimauluka. Mlimi wofuna mbewu ayenera kuichenjerera mphepoyo. Makoko akayamba kusintha mtundu ndi kuonetsa mng'alu, athyoleni, muwaike m'thumba la pepala kapena m'lichero lovundikira ndi nsalu, pamthunzi. Akatseguka okha, chotsani ubweya ndi zala. Musasunge njerezi nthawi yaitali, pakuti zatsopano ndizo zimamera bwino. Ndipo musathyole makoko onse. Siyani ena kuti tchire nalo lidzibzalire.

Pa nazale

Anthu a ku Bolero, ku Mhuju ndi m'chigwa chonse cha Henga nazale amaidziwa chifukwa cha fodya, ndipo a ku Phoka ndi ku Mphompha amaidziwa chifukwa cha khofi. Luso lake ndi lomwelo. Sakanizani dothi lapamwamba, mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana bwino, muthire m'machubu. Ikani njere imodzi kapena ziwiri m'chubu chilichonse ndi kukwirira pang'ono chabe. Njereyi ndi yopyapyala, ndipo ikapita pansi kwambiri imaola isanatuluke. Mangani kathandala ka udzu pamwamba kuti dzuwa lisawombe mwachindunji. Thirirani m'mawa kuti dothi likhale lachinyezi, koma lisachite matope. Pakatha masabata awiri kapena atatu mudzayamba kuona timasamba.

Ngati njere zasowa, dulani tsinde lokhwima m'zidutswa zokhala ndi mfundo ziwiri kapena zitatu. Dikirani utomoni uume, kenako zikani mfundo imodzi m'dothi. Zina zimagwira, zina ayi, choncho bzalani zambiri. Utomoniwo usakugwereni m'maso, ndipo musambe m'manja mukamaliza.

Malo ake ndi chokwerapo

Kutchire gondolosi amakonda m'mphepete mwa nkhalango ndi m'mbali mwa mitsinje, pamene mizu ili pozizira koma nsonga ikutha kufika padzuwa. Pakhomo mufunefune malo otere. Boma lathu la Rumphi lili ndi nyengo zosiyanasiyana. Ku mapiri a Phoka, ku Livingstonia ndi ku Ntchenachena mvula ndi yambiri, ndipo ntchito yothirira imachepa. Ku Nkhamanga ndi ku Hewe chilimwe chimauma kwambiri, choncho bzalani pafupi ndi dimba kapena pamene pamayenda madzi ochokera pa mjigo. Pamwamba penipeni pa Nyika, pamene madzi amaundana ndi chisanu mu Juni ndi Julayi, si malo ake. Pewaninso pa dambo pamene madzi amaima, chifukwa mizu imaola.

Wokerani mbande mvula ikakhazikika, cha mu Disembala kapena Januwale. Kumbani dzenje lakuya ndi lotambalala masentimita 45, ndipo dothi lake mulisakanize ndi manyowa. Kukumba kotere si kutaya nthawi. M'dothi lofewa mizu imanenepa ndi kutalika, ndiponso tsiku lokolola simudzavutika kuitsata.

Tsopano nkhani ya chokwerapo, imene ambiri amaiphonya. Nsonga ya gondolosi imalephera kukulunga thunthu lalikulu la mango kapena la mkuyu. Imafuna chinthu chowonda. Zikani nsungwi kapena kamtengo pafupi ndi mbande, muyedzamiritse ku nthambi ya mtengo waukulu, kapena mumange chingwe kuchokera pansi kufika kunthambi. Akafika kumeneko adzadziyendera yekha. Akasowa chokwera amangokwawa pansi, masamba amachepa, ndipo mizu nayo sikula. Komabe musamukweze pa khofi kapena pa mtengo wa zipatso waung'ono. Gondolosi ndi wamphamvu, ndipo masamba ake aakuluwo angautsekere dzuwa mtengowo. Mpanda wolimba, thandala la nsungwi, kapena mtengo waukulu umene simuudalira pa zipatso ndizo zabwino. Wobzala ambiri asiye mamita awiri pakati pa chomera ndi chinzake.

Chisamaliro chake si chovuta. Phimbirani patsinde ndi udzu kapena masamba ouma kuti chinyezi chisathawe, koma zophimbirazo zisakhudze tsinde lenileni poopa chiswe. Chaka choyamba thirirani m'chilimwe, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Tchingirani ndi minga kuti mbuzi zisadye nsonga, ndipo nkhumba zisafike pamizu. Nsabwe zikaunjikana kunsonga zanthete, zitsukeni ndi madzi a sopo. Popalira gwiritsani ntchito manja pafupi ndi tsinde, chifukwa mizu ina imayenda chapamwamba ndipo khasu lingaidule.

Kukolola osapha

Lezani mtima. Chaka choyamba ndi chachiwiri musakumbe. Yambani chaka chachitatu, chomera chitabala njere kamodzi. Fukulani mbali imodzi yokha, patali pang'ono ndi tsinde. Tsatani muzu umodzi kapena iwiri yam'mbali, muidule ndi mpeni wakuthwa, muzu waukulu wapakati muusiye. Bwezerani dothi, thiranipo manyowa ndi madzi. Chaka chotsatira mukumbe mbali inayo, mbali yoyamba ikuchira. Mukatero chomera chimodzi chidzakupatsani mizu zaka zambiri.

Tsukani mizuyo ndi madzi oyera, muiyanike pathandala pamthunzi podutsa mphepo. Musaiike m'jumbo isanaume, ichita nkhungu, ndipo muzu wankhungu si woyenera kudya kapena kugulitsa.

Pali mawu amodzi ofunika kwa ogulitsa ndi ogula omwe. Anthu amatafuna gondolosi pofuna chilakolako cha chakudya ndi mphamvu za m'banja, ndipo mwambo umenewu ndi wakale. Koma gondolosi sachiza matenda opatsirana pogonana, ndipo salowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. Banja limene likuvutika kupeza mwana lipite kuchipatala, mwamuna ndi mkazi onse awiri. Amene akumwa mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV, komanso amayi oyembekezera, afunse kaye achipatala asanamudye.

Ntchito ya kalasi sabata ino ndi iyi. Funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu kumene gondolosi ankapezeka kale ndi kumene akupezeka lero, mulembe mayina a malowo m'kope. Ngati m'mudzimo muli komiti yosamalira zachilengedwe, kambiranani nayo za malo oika nazale, ndipo mupemphe mlangizi wa zankhalango kuti adzakuthandizeni kusankha chomera chotengapo njere.