Kodi Mwana Wamvadi Zimene Wawerenga?

Funso 1: Kodi mwana wowerenga mosadodoma amamva zonse zimene akuwerenga?

Yankho: Iyayi. Kutchula mawu n'kwina, kumva tanthauzo lake n'kwinanso. Mwana amamva msanga nkhani ya zinthu zimene akuzidziwa kale, pakuti nzeru zatsopano zimayanga pa zakale monga nyemba pa phesi la chimanga.

Funso 2: Kodi pali umboni wake?

Yankho: Ulipo. M'chaka cha 1988, ku America, Donna Recht ndi Lauren Leslie anapatsa ana asukulu 64 nkhani ya masewera a baseball kuti awerenge, nawauza kuti asonyeze zochitikazo ndi tizidole pa kabwalo kakang'ono. Ana owerenga movutikira koma odziwa masewerawo anaposa anzawo owerenga bwino amene sanali kuwadziwa.

Funso 3: Nanga mphunzitsi achite chiyani?

Yankho: Asanatsegule buku, ayambe wafunsa ana zimene akudziwa. Ngati phunziro likunena za mpesa ndi nthambi zake, ndipo ana sanauonepo mpesa, ayambire pa chomera chimene amachidziwa, monga dzungu ndi kuyanga kwake.

Funso 4: Kodi mwana wolephera mayeso ndiye kuti alibe nzeru?

Yankho: Mphunzitsi asafulumire kuweruza. Kapena nkhaniyo inali yachilendo kwa mwanayo. Komanso woloweza pamtima amatha kuyankha bwino asanamve kanthu. Chifukwa chake mphunzitsi amuuze mwana kuti atseke buku, afotokoze nkhaniyo m'mawu akeake. Pamenepo m'pamene adzadziwe ngati yemwe akusowa kukonza ndi mwana kapena kaphunzitsidwe kake.