Mayi wa pa ntchito, werengani ma Loweruka musanaunge mizere

Sabata ino ndikufuna ndicheze ndi amayi amene ali pa ntchito yolembedwa koma amalimanso: aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaumoyo, makalaliki ndi ena otero. Abambo musathamangire kutsegula tsamba lina, nkhaniyi ikukukhudzani nanunso.

Amene munayendapo pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima mukudziwa pa Chezi, m'boma la Dowa, pamene galimoto zimaima kuti anthu agule tomato, anyezi ndi ndiwo zamasamba. Kumapiri kumeneko ndiko kwathu. Akulu anga amagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina ya kufupi ndi pamenepo. Ali ndi ana atatu. Alamu ndi mmisiri womanga nyumba ndipo nthawi zambiri amakhala ku Lilongwe. Mayi athu atamwalira, anatisiyira munda wa maekala atatu, ndipo poti ine ndimakhala woyendayenda, munda wonsewo unatsala m'manja mwa akulu angawo.

M'dzinja la 2022/23 anadzala chimanga munda wonse. Ankadzuka 4 koloko m'bandakucha, kukatunga madzi ku mjigo, kuphika phala, kuthamangira kumunda kwa ola limodzi, kubwerako, kusamba, kuyamwitsa mwana, kenaka ulendo wa ku ofesi kumene amayenera kufika 7:30. Akaweruka, nkhuni, ndiwo, nsima ndi zochapa zinkakhala zikuwadikira. Loweruka lonse linkathera kumunda. Kwaya ya amayi a Chigwirizano anaisiya, mpira wa ntchemberembaye umene ankaukonda kuyambira ali mtsikana anauiwala.

Nanga phindu lake? Pa maekala atatuwo anakolola matumba 14 okha. Ku ofesi analandira kalata yowachenjeza chifukwa chochedwachedwa. Mwana wawo wamkazi, amene anali mu sitandade 7, anajomba kusukulu masiku ambiri mu Januwale, lero kukapalira, mawa kulera mwana, ndipo anabwereza kalasi. Tsiku lina titakhala pakhonde anandifunsa kuti, "Mng'ono wanga, iwe unapita ku Bunda kukaphunzira zaulimi. Tandiuza, kodi ineyo ndine waulesi?" Ndinawayankha kuti, "Ayi achemwali, ulesi mulibe. Tengani cholembera tiwerenge."

Masamu a mizere

Ekala imodzi, mizere yake ikatalikirana masentimita 75, imakhala ndi mizere pafupifupi 108 yotalika mamita 50 uliwonse. Tinapita kumunda ndi wotchi ndipo tinapeza kuti akulu anga amapalira mizere inayi yotere pa ola limodzi, akamapalira bwino osati mongokanda. Ndiye kuti ekala imodzi imawatengera maola 27. Chimanga chimafuna kupalira kawiri m'masabata asanu ndi limodzi oyambirira chitangomera: koyamba pasanathe masabata atatu, kachiwiri pamodzi ndi kubandira. Kawiri konseko ndi maola 54 pa ekala imodzi, ndipo pa maekala atatu ndi maola 162.

Tsono mayi wa pa ntchito ali ndi maola angati? M'masabata amenewa muli ma Loweruka asanu ndi limodzi basi. Atamalowa m'munda 5 koloko n'kuweruka 11 koloko, apeza maola 36. Tikawonjezapo ola la m'mawa uliwonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, akwana maola 66. Pamenepo sitinachotsepo tsiku la maliro, tsiku la chimvula, kapena tsiku limene mwana wadzuka ndi malungo. Sitinawerengenso kuthira feteleza.

Apa zikuoneka poyera kuti munthu wa maola 66 sangasamale munda wofuna maola 162. Udzu sudikira kuti malipiro atuluke. Chimanga chikalimbana ndi udzu chili chaching'ono chimanyozoloka, ndipo feteleza amene mwagula ndi ngongole amadyedwa ndi tchire. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mbewu ndi feteleza mukhoza kugula, koma masiku sagulidwa pa golosale. Choncho kukula kwa munda wa chimanga kuzichokera pa nthawi imene muli nayo, osati pa kukula kwa malo amene makolo anakusiyirani.

Ekala imodzi yosamalidwa bwino

Tinagwirizana kuti chimanga chikhale pa ekala imodzi yokha, mbali ya munda imene ili yosatsetsereka kwambiri ndiponso yoyandikira kunyumba. Zimene tinachita ndi izi:

1. Kusosa ndi kuunga mizere tinamaliza mwezi wa Okutobala usanathe. Kuyambira Julaye ma Loweruka ndi ambiri ndipo sapanikiza. Mapesi sitinatenthe, tinawakwirira m'mizere.

2. Popeza kwathu ndi kumapiri, mizere tinaiunga motsata akalozera, n'kuika ngonyeka kuti madzi asathamange. Mzere umene wakokoloka ndi mvula umafuna Loweruka lina lokaukonza.

3. Mbewu tinagula mvula isanagwe, makilogalamu 10 a chimanga cha haibulidi pa ekalayo. Tinadzala ndi mvula yoyamba yodzalira, njere imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25. Iyi ndi njira imene ambiri amaitchula kuti ya Sasakawa.

4. Thumba limodzi la feteleza wokulitsa wa NPK tinathira chimanga chitangomera, ndipo thumba limodzi la Urea tinathira patatha masabata atatu. Chaka cham'mbuyo matumba awiri omwewa anawamwaza pa maekala atatu, ndipo palibe chimanga chimene chinakhuta. Chigwereni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, feteleza si wosewera naye. Muikeni pamene mukudziwa kuti mudzapalira.

5. Kawiri pa sabata, m'mawa, ankayendera munda kwa mphindi zochepa kusuzumira m'nsonga za chimanga. Mbozi zija zinalowa m'dziko muno m'dzinja la 2016/17 sizinachoke, ndipo kuzigonjetsa n'kosavuta zikadali zazing'ono.

Ena amandifunsa za mankhwala opha udzu monga Harness ndi Bullet. Amathandizadi kwa munthu wosowa nthawi, akapoperedwa pa dothi lonyowa mutangodzala, chimanga chisanamere. Koma dziwani zinthu ziwiri. Choyamba, ena mwa mankhwalawa amapha nyemba ndi maungu, ndiye ngati mumadalira khwanya ndi nkhwani za m'munda momwemo, patulani kadera kosapopera. Chachiwiri, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asagwire mankhwala kapena kupopera. Pezani munthu wodziwa ntchitoyi, avale zodzitetezera, ndipo muyambe mwafunsa mlangizi wa m'dera lanu.

Nanga malo otsalawo?

Apa m'pamene panali povuta. Akulu anga ankaopa kuti akasiya malo osalima, anthu aziti ntchito yawatukumula, ndipo abale ena ayamba kuwasirira malowo. Mantha amenewa ndi omveka, koma kugwiritsa ntchito malo sikudzala chimanga chokha ayi.

Theka la ekala tinadzala soya wa Tikolore, mizere iwiri pa mzere umodzi, titasakaniza mbewu ndi inokulanti. Soya wodzalidwa motere amatseka nthaka msanga, udzu n'kuchepa mphamvu, ndipo amasiya chonde cha chimanga cha chaka chinacho. Chenjezo ndi lakuti akauma sachedwa kusweka makoko, choncho konzekeranitu masiku omukolola. Mtedza nawo ndi wabwino, koma kukumba ndi kuthothola kwake kumadya masiku ambiri.

Theka lina tinaika mbatata yofiira m'kati, ya Kadyaubwerere. Ubwino wa mbatata kwa mayi wa pa ntchito ndi wakuti imadzalidwa mu Januwale chimanga chitapaliridwa kale, ndipo mumakumba pang'onopang'ono malinga ndi kufuna kwanu. Ana amaitenga kusukulu, kholowa n'kukhala ndiwo.

Ekala yotsala, imene ili yotsetsereka kwambiri, tinadzala udzu wa vetiva m'milambala ndi mitengo ya kesha ndi mtangatanga. Pakutha pa zaka zochepa nkhuni zizidzachokera pomwepo. Amene malo anu otsala ndi abwino mukhoza kubwereketsa kwa mnzanu kwa chaka chimodzi, koma mgwirizano wake ukhale wolembedwa ndipo amfumu audziwe.

Ganyu ndi tchuthi

Mu Disembala ndi Januwale aliyense amafuna waganyu, ndipo mtengo umakwera. Mayi amene akudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi amapeza udzu utakula kale. Ndalama ya ganyu yambani kuisunga mukangokolola, kaya ku banki m'khonde kaya pa foni, ndipo isasakanikirane ndi ya Khirisimasi. Lipirani powerenga mizere, osati masiku, ndipo muziona ntchito musanapereke ndalama. Akulu anga anagwirizananso ndi amayi anzawo atatu a pa ntchito kuti azipalira mosinthana, Loweruka lino munda wa uyu, linalo wa uyo, monga ankachitira makolo athu pa dima. Makasu anayi amamaliza ekala m'tsiku limodzi, ndipo macheza amakhala pomwepo.

Za tchuthi, lamulo la zolemba anthu ntchito la chaka cha 2000 limapatsa wantchito masiku osachepera 15 pa chaka ngati amagwira masiku asanu pa sabata, ndi 18 ngati amagwira masiku asanu ndi limodzi. Pemphani masiku anu msanga, ndipo ena muwasungire sabata yachitatu chidzalireni chimanga. Masiku asanu a nthawi imeneyi amaposa mwezi wathunthu wa mu Ogasiti. Lamulo lomweli limapatsa mayi amene wabereka masabata osachepera asanu ndi atatu akulandira malipiro, kamodzi pa zaka zitatu. Litakonzedwanso mu 2021, linaonjezera masabata awiri a tchuthi cha bambo mwana akabadwa, ndi nthawi yoti mayi aziyamwitsa ali pa ntchito. Masiku a uchembere amenewa ndi a mayi ndi mwana, osati a khasu.

Pakhomo

Nthawi ina imatayika pakhomo osadziwa. Mbaula ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu. Kadimba ka mpiru, bonongwe ndi tomato kuseri kwa nyumba, kothiriridwa ndi madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri, kamapulumutsa ulendo wa kumsika madzulo. Mfutso wofutsa mu Febuluwale ndi Malichi umathandiza mu Okutobala. Chimanga chouma bwino mukachisunga m'matumba a PICS simuvutika ndi kuthira mankhwala a anankafumbwe mobwerezabwereza.

Ana athandize ntchito zolingana ndi msinkhu wawo, anyamata ndi atsikana mofanana, koma tsiku la sukulu likhale la sukulu. Mwana wamkazi si waganyu wa ulere. Mizere 20 imene angapalire mukhoza kuilipira, koma chaka chimene wabwereza simungachiwombole.

Kwa inu abambo, mutu umodzi susenza denga. Alamu ndinawauza mwaulemu kuti, "Alamu, nthawi ya mvula ntchito yomanga imachepa ndithu. Bwanji muzifika Lachisanu madzulo kwa masabata asanu ndi limodzi okhawa?" Poyamba anang'ung'udza za ndalama yokwerera minibasi, koma titaiyerekeza ndi mtengo wa matumba a chimanga amene ankagula chaka chilichonse mu Febuluwale, anavomera.

Kupuma nakonso ndi ntchito

Amayi ambiri amaona ngati kukhala pansi ndi tchimo. Komatu ngakhale ng'ombe za pa ngolo timazimasula goli kuti zidye ndi kupuma. Mayi wotopa amalakwitsa masamu ku ofesi, amakalipira ana popanda chifukwa, ndipo matenda samuchedwa. Akadwala, ofesi, munda ndi khomo zimaima pamodzi. Pa kalendala ya akulu anga tinalembapo masiku odzala, opalira ndi othira feteleza, koma tinalembaponso Lamulungu masana kuti ndi lawo: akafuna akaimbe kwaya, akafuna akaponye mpira, akafuna angogona. Tsiku limenelo alamu ndi ana ndiwo amaona za pamoto.

Chaka choyamba chotsata ndondomekoyi mvula inavuta, monga mukukumbukira ng'amba ya 2024, komabe ekala imodzi ija inawapatsa chakudya chofika nacho patali. Mu 2025 anakolola matumba 24 pa ekala imodziyo, kuonjezera soya wogulitsa ndi mbatata. Kalata yachiwiri ya ku ofesi sinabwere. Mwana uja analemba mayeso a sitandade 8 ndipo anakhoza. Ndikapita ku Chezi Lamulungu masana, sindiwapeza pakhomo, ndimachita kukawatsata ku bwalo la mpira.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi: tengani pepala, werengani mizere ya m'munda mwanu, yesani mizere imene mumapalira pa ola limodzi, kenaka werengani maola amene mulidi nawo. Mukatero khalani pansi ndi bambo a kunyumba mugwirizane kukula kwa munda wa chimanga chaka chino. Pamene pakuvuta, kaonaneni ndi alangizi a zaulimi a m'dera lanu.

Sabata ya mawa tidzakambirana za kapangidwe ka manyowa a kompositi. Ulimi wabwino nonse.